Anandikoka ndi chingwe m'madzi kuti filimu ya bwana ikome

Nkhani iyi ndi yoona, abale anga, ndipo wofuna kukayika akayike, koma chifuwa changachi chikudziwa zimene chinameza. Sinditchula dzina la munthu aliyense, ngakhale mtima umafuna nditawatchula kuti dziko lonse liwadziwe, chifukwa ndidakali konkuno ku Doha ndipo ana anga kumudzi akudalira ntchito yangayi. Papita zaka tsopano, koma mpaka lero madzi akangondilowa m'mphuno posamba ndimapezeka ndagwira khoma la bafa ndi manja onse.

Ndinabwera kuno kudzagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo nyumba yoyamba imene ananditumizako inali ku Al Hilal, kwa banja lina lochokera ku Ulaya, dziko lake ndisunga. Madamu anali munthu wa mamitingi osatha, wolankhula nawe maso ali pa foni. Bwana ankagwira ntchito ku kampani ina yomanga nyumba, koma mtima wake wonse unali pa masewera ena a m'madzi otchedwa wekibodi. Kwa inu amene simunawaonepo, monga inenso ndinali ndisanawaonepo, amakhala chonchi: munthu amamanga mapazi onse awiri pa thabwa limodzi, nagwira kamtengo kamene kali kumapeto kwa chingwe, ndipo chingwecho chimakolekedwa ku waya wamkulu wozungulira pamwamba pa dziwe, pa mizati yachitsulo italiitali. Injini imayendetsa wayayo osaima, ndiye munthu amathamanga pamwamba pa madzi, kukwera pa timapiri tapulasitiki toyandama, kugudubuzika m'malere, n'kutera bwinobwino ngati si kanthu. Boti palibe. Amakukoka ndi makina, ndipo makina samva kuti munthu akulira.

Khoma lonse la pabalaza linali zithunzi za mipikisano yakale, ndipo wozipukuta fumbi ndinali ine. Alendo akangobwera, bwana ankawaimika pa khomalo n'kuyamba ulaliki wake: kuti kale anthu ankakokedwa ndi maboti ndipo anali masewera a anthu olemera okhaokha, kuti munthu wina ku Germany ndiye anaganiza zomanga waya pamwamba pa dziwe, kuti poyamba ankatsetsereka ndi timatabwa tiwiri ndipo thabwa limodzi linabwera pambuyo, kuti mipikisano inayamba ngati ya anyamata a m'dera limodzi, n'kukula kukhala ya maiko a ku Ulaya, mpaka lero pamene akatswiri a dziko lonse amakumana, chaka china uku chaka china uko. Iyenso akuti anapikisanako ali mnyamata, kungoti chikho sanachigwirepo. Nkhaniyi ndinaimva kambirimbiri ndikugawa tiyi mpaka ndinailoweza ngati katekisimu. Ndiye anayamba kupanga filimu yake ya mbiri ya mipikisanoyi, kugula makamera, kuitanitsa zithunzi zakale kwa anzake, ndipo pakhomo ponse panalibenso nkhani ina.

Tsiku lina masana, ndikuchotsa mbale patebulo, ndinamva akudandaula kwa madamu kuti filimu yake ili ndi Ulaya, ili ndi Asia, ili ndi America, koma Africa mulibe, ndipo mbiri yopanda Africa anthu adzaiona yoperewera. Atatero anandiyang'ana nthawi yaitali, madamu n'kuseka. Ine ndinangonyamula mbale zanga, chifukwa ndani angaganize kuti munthu wophunzira, wa imvi kumutu, akayang'ana mzimayi amene amamuchapira masokosi akuona Africa yense?

Inali nyengo yozizira ija imene kuno anthu amatuluka panja. Loweruka lina kunali kampikisano pa dziwe lina lochita kukumba kunja kwa mzinda, ndipo kunabwera akatswiri a maiko osiyanasiyana amene ankakonzekera mpikisano waukulu wa dziko lonse. Madamu anandiuza kuti ndipite nawo kukanyamula zakumwa ndi kuyang'anira zikwama, ndipo anawonjezera kuti ndivale chitenje changa chowala kwambiri chija ndi duku lake. Ndinasangalala, ndisaname, chifukwa kutuluka m'mpanda umene uja kunali kosowa. Ndinachita kusita chitenjecho bwinobwino, osadziwa kuti ndikusita nsalu yokandikulunga nayo miyendo pansi pa madzi.

Titafika ndinakhala pa mthunzi n'kumaonerera, ndipo kunena zoona masewerawo ndi okongola. Panali mayi wina wachitsikana wa ku Asia, wamfupi, wamapewa olimba, amene akadumpha anthu onse ankaimirira. Bwana anali atamulondola ndi kamera kuyambira m'mawa, akuti ndiye amene adzatseke filimu yake chifukwa aliyense ankayembekeza kuti chaka chimenecho atenga chikho. Itakwana nthawi yoti akatswiri aziyeserera asanayambe ndime yomaliza, bwana anandikodola. Anati ndingoima pa thandala pamene anthu amanyamukira, ndivale thabwa, ndigwire kamtengo, andijambule, basi.

Ndinamuuza kuti sindidziwa kusambira. Ndinanena m'Chingerezi chomveka, ndinabwereza, ndinachita kusonyeza ndi manja. Kwathu ndi ku Dowa, kumtunda, kumene mtsinje wathu umafika m'maondo mvula ikagwa bwino, ndipo chibadwire ndinali ndisanalowepo m'madzi ondipitirira m'chiuno. Iye anaseka nati madzi sindiwakhudza n'komwe, ndi chithunzi chabe. Madamu anati ndisachititse manyazi pagulu, yala, yala, ndiko kuti fulumira m'Chiarabu, anthu akudikira. Mwamuna amene ankayendetsa makinawo anandiuza kuti mafi mushikila, ndiko kuti palibe vuto, nandiveka jekete yoyandamitsa imene inali pafupi, ya chimunthu chachikulu, yoti mukanalowa anthu awiri. Zingwe zake sanamange n'komwe, poti chinali chithunzi chabe. Anandikhazika m'mphepete mwa thandala, nalowetsa mapazi anga m'zinsapato zomatirira ku thabwa, namanga zolimba. Ndipo bwana anati, mawu awa sindidzawaiwala, ndigwiritse kamtengoko zivute zitani, ndisakasiye, kuti manja aoneke amphamvu pa chithunzi, ndipo ndimwetulire.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinangokana n'kudzuka. Amene anagwirapo ntchito m'nyumba ya munthu kunja kuno sangafunse funso limenelo. Kumene ukugona ndi kwawo, chakudya ndi chawo, galimoto yokubwezera ku tauni ndi yawo, ndipo kuyambira tsiku lofika umaphunzitsidwa kuti yankho ndi limodzi, yesi madamu. Ndinamwetulira monga anandiuzira. Ndipo ndikumwetulira choncho ndinaona ndi maso angawa bwana akuchotsa diso pa kamera, kuyang'ana woyendetsa makina uja, n'kugwedeza mutu kamodzi. Pamwamba panga panalira kachitsulo kuti khwa.

Abale anga, sindinadziwe kuti chingwe chingakoke munthu chonchija. Ndinamva ngati manja azuka m'mapewa. Ndinauluka kuchoka pa thandala paja, ndipo kwa kanthawi kochepa, kochepetsetsa, ndinaimadi pa thabwalo madzi akuthamanga pansi panga, kenako nsonga ya thabwa inamira ndipo ndinamenyetsa nkhope pa madzi ngati pa simenti. Munthu wodziwa amasiya kamtengo pomwepo. Koma ine ndikanasiya bwanji? M'dziko lonse lapansi chinthu chokha chimene ndinali nditagwira chinali chimenecho, ndipo anali atandiuza kuti ndisasiye. Ndiye makina anandikwakwaza chamimba, madzi akulowa m'kamwa, m'mphuno, m'maso, ndikatulutsa mutu pang'ono ndikumva nyimbo ndi anthu akukuwa, osadziwa ngati akukuwa mantha kapena chisangalalo. Pamene zala zinatha mphamvu n'kutseguka zokha, ndinali nditafika kale pakati pa dziwe, pafupi ndi kaphiri kena kapulasitiki kakakulu.

Apa ndiye panayambira zoopsa zenizeni. Jekete ija, poti inali yaikulu ndiponso yosamanga, inakwera n'kundiphimba kumaso, manja ali m'mwamba ngati munthu amene akuvula malaya n'kukanirira. Thabwa linayandama kumbuyo kwanga mapazi anga ali momwemo, ndiye miyendo inali kumwamba, mutu pansi. Chitenje chinamasuka n'kundizinga m'maondo. Ndinayesa kupalasa, koma upalasa ndi chiyani mapazi ali omangidwa pamodzi? Liwiro lija linanditsetserezera kunsi kwa kaphiriko, ndipo kuwala kunazima. Ndikakweza mutu ndinkagunda pulasitiki yoterera ndi ndere. Ndinkamva injini ikulirabe m'madzimo, ikuzungulirabe, sanaizimitse n'komwe. Ndinaganiza za mwana wanga wamkazi amene anali atangoyamba sekondale, ndinaganiza kuti adzamuuza chiyani, kuti amayi ako anafera pa masewera? Masewera ati, poti amayi anapita kukasita zovala? Chifuwa chinatentha ngati mwathiridwa makala, ndipo ndinatsegula pakamwa ngakhale ndinkadziwa kuti kulibe mpweya. Ndinameza. Ndinamezanso. Kenako mantha anayamba kuchepa, thupi kufewa, ndipo zimenezo ndi zimene zimandiopsa kwambiri ndikakumbuka, kuti imfa itayandikira inabwera mofatsa ngati tulo.

Amene anandichotsa ndi mayi wa ku Asia uja. Iye anali pa chingwe cha pambuyo panga, akuyeserera, ndipo ataona thabwa likuyandama lokha mutu wa munthu osaoneka, anasiya chingwe chake ali pa liwiro, nagwera pa ngodya ya kaphiriko ndi phewa. Ndi dzanja limodzi lotsalalo anavula thabwa lake, namira, nandigwira mwendo n'kundikokera kunja. Zimenezi ndinachita kuuzidwa. Chimene ndikukumbuka ine ndi kudzidzimuka ndili chogona pa thandala, ndikusanza madzi obiriwira, duku kulibe, chitenje kulibe, ndili ndi kabudula wam'kati yekha pamaso pa gulu lonse lija, ndipo pamwamba panga pali mafoni, mafoni, mafoni. Ena ankaseka ndithu. Munthu wamkulu, mayi wa ana, ndili pafupifupi maliseche, ndikulimbana ndi mpweya, anthu akujambula kuti akaseketse anzawo.

Mayi uja anali atakhala pambali panga, phewa litagweluka, nkhope itayera ndi ululu, koma ankakalipira bwana ndi mawu amene sindingawalembe pano. Bwana ankangobwereza kuti inali nthabwala, kuti aliyense amagwa tsiku loyamba, kuti jekete inalipo. Ambulansi itabwera inatenga katswiriyo, ndipo m'pake, anali atavulaladi. Koma ine? Ine anandiponyera thaulo n'kundiuza kuti ndikakhale m'galimoto ndisanyowetse mpando. Pobwerera madamu anandifunsa, mokwiya ndithu, kuti n'chifukwa chiyani sindinasiye kamtengo ngati munthu wanzeru. Anati ndawachititsa manyazi kwa anzawo, ndipo chifukwa cha ine mtsikana amene akanatenga chikho wavulala, filimu ya bwana yawonongeka. Imvani bwino pamenepa, anthu inu. Wolakwa ndinali ine. Titafika kunyumba anati halasi, nkhani yatha, ndikasinthe ndiyambe kukonza chakudya chamadzulo. Ndipo ndinaphika, ndikutsokomolera m'thaulo kuti asamve.

Sabata imeneyo ndinagwira ntchito thupi likutentha, chifuwa chikulira ngati muli nkhunda, ndikakwera masitepe ndikuona mdima. Madamu anandipatsa timapiritsi ta chimfine nati ndi kuzizidwa chabe. Lachisanu, tsiku langa lopuma, ndinadzikoka mpaka pa basi ya ku Abu Hamour kumene timapemphera, chifukwa ndinkafuna kungomva Chichewa, kuti ndikafa ndifere pakati pa anthu akwathu. Tili m'kati moimba nyimbo ndinagwa. Amene anandinyamula ndi amayi ena achikulire a ku Zomba, amene akhala kuno zaka zambiri akugwira ntchito ku hotela, ndipo tonse timangowatcha amayi. Anaitana bambo wina wa kwathu amene amayendetsa galimoto konkuno, nanditengera ku chipatala. Adokotala atandiunika anati madzi akuda aja analowa m'mapapo ndipo ayambitsa chibayo, nafunsa mokalipa kuti n'chifukwa chiyani munthu womira sanabwere naye tsiku lomwelo. Ndinagonekedwa.

Ndili pa bedi ndinawafotokozera amayi aja zonse, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anatulutsa foni nandionetsa vidiyo imene inali itazungulira kale m'magulu a pa foni, ya mzimayi wa chitenje akukokedwa m'madzi, wina ataikapo kanyimbo koseketsa.

"Mwanawe, kodi ameneyu ndiwe? Ambuye andikhululukire, inenso ndinaseka."

Analira amayi aja, ine n'kumawatonthoza. Koma chimene chinandithyola chinabwera madzulo ake, pamene mwana wanga anaimba foni kuchokera kumudzi. Vidiyo inali itafika mpaka ku sukulu kwawo, ndipo iye anazindikira chitenjecho chifukwa tinakasankha limodzi pa msika ndisananyamuke. Sanandipatse n'komwe moni.

"Amayi, anzanga akuseka, koma ine ndaona kuti simukutuluka m'madzimo. Amayi, muli moyo?"

Mundiuze, inu amene muli ndi ana, funso limenelo mungaliyankhe bwanji osalira?

Ku nyumba ya ku Al Hilal sindinabwerereko kukagona. Amayi aja ndi anzathu a kutchalitchi anayenda nane m'maofesi mpaka zinatheka kuti ndisinthe ntchito, ndipo katundu wanga anakatenga ndi bambo woyendetsa galimoto uja. Akuti madamu anamupatsa chikwamacho pa geti n'kunena kuti ndine wosayamika. Bwana sanatuluke. Mpaka lero palibe amene anati pepani. Panopa ndimakonza zipinda mu hotela ina ku Al Mirqab, ntchito yowawa msana, koma ikatha ndimatseka chitseko changa ndekha.

Munthu mmodzi yekha wa ku dziwe kuja ndiye anandifunafuna, ndi mayi amene anandipulumutsa uja. Anabwera ku chipatala dzanja lili pa nsalu yokolekera m'khosi, nakhala m'mphepete mwa bedi langa. Ndinayamba kumupepesa za chikho chake, poti madamu anali atandidzaza m'mutu kuti ndine ndinamulepheretsa, koma anandigwira pakamwa nati ndisadzayerekezenso kunena zimenezo. Mpikisano waukulu wa chaka chimenecho sanapiteko, phewa linatenga nthawi kuti lipole, ndipo sindikudziwa ngati anabwereranso pa mphamvu zake zakale. Ndiye amene anandiuzanso kuti ku Joni ndi maiko ena a mu Africa kuli anyamata ndi atsikana ochita masewerawa mwaluso, oti bwana akanangowaimbira foni akanamutumizira zithunzi zenizeni. Koma kuimba foni kunamukulira, pamene wantchito anali pafupi, waulere, wosatha kukana.

Patapita miyezi mayi yemweyo ananditumizira uthenga kuti filimu ija yatuluka pa intaneti, ndipo anati ndisaonere ndili ndekha. Ndinaonera ndi amayi a ku Zomba aja. Chakumapeto, atatha kuonetsa akatswiri a maiko onse ndi zikho zawo, panatulukira ine. Anatenga kanthawi kochepa kaja kamene ndinaima pa thabwa, nakachedwetsa kuti kaoneke kakatali, chitenje chikuuluka, mano ali panja, nadula ndisanagwe. Pamwamba pake panali mawu a bwana, odekha, okoma, akunena kuti lero masewerawa afika ngakhale kwa amayi a m'midzi ya mu Africa. Anthu pansi pake analemba kuti n'zolimbikitsa. Mayi amene anataya chikho chake kuti ine ndipume mulibemo ngakhale pang'ono, poti anakana kuti nkhope yake ioneke m'filimu ya munthu ameneyo. Ndiye mbiri yawo ya mipikisano ndi imeneyo: wopulumutsa munthu anafufutidwa, womira anasanduka chokongoletsera.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti sinali ngozi, ndipo palibe amene angandisinthe maganizo, chifukwa mutu uja ndinauona ukugwedezeka. Sindikunena kuti ankafuna kundipha. Zikanakhala choncho mwina ndikanamvetsa, poti wofuna kukupha amadziwa kuti ndiwe munthu. Iye sanaganize n'komwe kuti ndingafe, monga momwe suganizira kuti mpando ungamve kuwawa ukaukoka. Ndimakhulupiriranso kuti Mulungu anaika mayi uja pa chingwe cha pambuyo panga, chifukwa pa gulu lonse lija, la anthu odziwa kusambira okhaokha, amene analowa m'madzi ndi iye yekha.

Ndiye inu asisi amene mukukonza mapasipoti kuti mubwere kuno, bwerani, ntchito iliko ndipo mabwana abwino aliko, sindikukuletsani. Koma mukangofika funani anzanu a kwathu, mudziwe kumene amapemphera, musunge manambala awo pamtima. Ndipo tsiku limene adzakuuzeni kuti kwerani apa, gwirani ichi, valani ichi, n'chithunzi chabe, mtima wanu n'kukana, khalani pansi pomwepo, pa dothi, pamaso pa alendo awo onse, muwauze kuti ayi. Adzakwiya, adzakutchulani amwano, mwina adzakuthamangitsani. Zilekeni zitero. Ntchito ina imapezeka, ine ndinaipeza. Koma pansi pa madzi paja ndinafikapo, ndipo ndikukuuzani kuti palibe madamu amene amakutsatira kumeneko.